Sitika ya i7 isakudyereni ndalama

Pali mawu amene amagulitsa makompyuta ambiri kuposa wogulitsa wina aliyense m'tauni muno, ndipo mawuwo ndi "Core i7". Lowani m'magulu ogulitsirana katundu pa WhatsApp kapena pa Facebook, mupeza chithunzi cha laputopu yonyezimira, pansi pake atalemba kuti "i7, ex-UK, yabwino pa magemu, mtengo tikambirana". Ola limodzi lisanathe, yapita. Wogulayo safunsa zambiri chifukwa masamu ake ndi osavuta: 7 ndi wamkulu kuposa 5, ndipo 5 ndi wamkulu kuposa 3. Koma masamu amenewa ndi amene akuchititsa achinyamata kutulutsa ndalama zimene asunga kwa miyezi, n'kubwera kunyumba ndi makina oti akayatsa EA Sports FC, osewera amathamanga ngati ali m'matope a m'dambo.

Ine ndimatsegula ndi kulumikiza makompyuta a anthu, ndipo funso limene ndimalandira kawirikawiri ndi lomweli: ndalama zanga n'zochepa, ndikufuna kusewera magemu komanso kugwira ntchito zingapo nthawi imodzi, ndigule purosesa iti? Yankho langa limayambira pa foni imene muli nayo m'manjamo.

Pa bokosi la foni yotsika mtengo amalemba kuti "octa-core", kutanthauza kuti purosesa yake ili ndi ma core 8. Ya mu iPhone ili ndi 6 okha. Koma ndani angakuuzeni kuti foni yotchipayo imathamanga kuposa iPhone? Mukudziwa nokha mmene imatenthera ndi kuhang'a mukangotsegula PUBG Mobile. Ana 8 atazungulira thumba la fetereza sangapose anyamata 6 amene ganyu yawo ndi kutsitsa katundu m'lole. Nambala yaikulu pabokosi siikuuzani mphamvu ya aliyense mwa onyamulawo. Pa kompyuta nkhani ndi yomweyo, kungoti ndalama zotayika zimakhala zambiri.

Dzina loti i3, i5 kapena i7 limangokuuzani malo a purosesa m'banja la chaka chake. Chimene muyenera kuwerenga ndi nambala yotsatira. Mu i7-3770, 3 woyambayo akutanthauza m'badwo wachitatu, womwe unatuluka mu 2012. Mu i7-7700, 7 ndi m'badwo wa 7, wa mu 2017. Nambala zikakhala zisanu, ngati i3-12100, m'badwo ndi ziwiri zoyambazo, 12, ndipo iyi inatuluka mu Januwale 2022.

Tsopano taonani ichi. I7-3770 ili ndi ma core 4 ndi ma thread 8. I3-12100 nayonso ili ndi ma core 4 ndi ma thread 8. Chiwerengero n'chofanana, koma pakati pawo pali zaka 10 za ukadaulo, ndipo core imodzi ya i3 yatsopanoyi imamaliza ntchito yochuluka kwambiri pa sekondi kuposa ya i7 yakaleyo. Pa magemu i3-12100 imaposa ngakhale i7-7700K, yomwe m'nthawi yake inali mfumu. Ma GHz nawonso asakupusitseni. Amathandiza poyerekeza mapurosesa a m'badwo umodzi, koma 3.4 GHz wa mu 2012 si 3.4 GHz wa lero, monga mmene K1 000 ya mu 2012 siili K1 000 ya lero, kungoti pa purosesa zinthu zimayenda mobwerera: yatsopano ndi imene imagula zambiri.

Ukalamba wa purosesa sumangochedwetsa zinthu, nthawi zina umatseka chitseko. Magemu ena atsopano amafuna malangizo otchedwa AVX2, amene Intel inawayamba ndi m'badwo wachinayi mu 2013. I7-3770 ilibe, ndiye gemu yotere siiyaka n'komwe, olo muikemo RAM yochuluka bwanji. Chitseko china ndi Windows. Pa 14 Okutobala 2025, Microsoft inasiya kupereka chithandizo chanthawi zonse ku Windows 10, ndipo mndandanda wa mapurosesa ovomerezeka pa Windows 11 umayambira pa m'badwo wa 8 wa Intel ndi Ryzen 2000 wa AMD. Ine ndimaona kuti n'chifukwa chake makompyuta a m'badwo wa 6 ndi wa 7 akusefukira kuno: maofesi akunja akuwachotsa, ife tikuwalandira ndi manja awiri. Njira zozembera zilipo, mnyamata wapakona akuikirani Windows 11 pa chilichonse, koma gemu ngati Valorant ikapeza Windows 11 yopanda TPM 2.0 ndi Secure Boot imakana kutseguka. Ndiye lamulo langa loyamba ndi ili: chilichonse chochepera m'badwo wa 8, ndalama ibwerere m'thumba.

Pa laputopu ndi pamene pali msampha weniweni. I7-7500U, imene mumaipeza m'malaputopu ambiri a ex-UK, ili ndi ma core 2 okha. Awiri basi, amwene. I5-8250U, imene inabwera chaka chotsatira, ili ndi ma core 4 ndi ma thread 8. Ndiye munthu amasiya i5 ya m'badwo wa 8, n'kuwonjezera ndalama kuti atenge i7 ya m'badwo wa 7, osadziwa kuti walipira zambiri kuti alandire theka. Chikomekome cha nkuyu chenicheni.

Chilembo chakumapeto nacho chili ndi uthenga. U ndi purosesa yosunga batire, yopangidwira Word, imelo ndi makalasi a pa Zoom. H ndi yamphamvu, imene mumaipeza m'malaputopu a magemu. AMD nayo ili ndi kamsampha kake: Ryzen 5 7520U imamveka yatsopano chifukwa cha 7 woyambayo, koma mkati mwake muli ma core 4 a mtundu wa Zen 2, ukadaulo wa mu 2019. M'malaputopu a Ryzen 7000, nambala yachitatu ndi imene imaulula msinkhu weniweni, ndiye 7520U, 7530U ndi 7540U ndi agogo, bambo ndi mwana atavala yunifolomu imodzi. Ndipo kumbukirani kuti purosesa ya laputopu inawotcheredwa pa motherboard. Simungaisinthe. Mwakwatira, mwakwatira.

N'chifukwa chake munthu amene cholinga chake ndi magemu, ndipo sayenda ndi kompyuta kupita nayo kukalasi, ndimamuuza kuti aganizire desktop. Ndalama yomweyo imagula mphamvu zambiri, ndipo chiwalo chilichonse chimasinthika pachokha.

Tisanafike pa mayina, timvetsetsane za ntchito. Pa gemu, ntchito yaikulu yojambula zimene mukuona pa sikirini ndi ya graphics card. Purosesa imawerengera kumene mpira ukupita, zimene adani akuganiza, batani limene mwadina, kenako n'kupatsira graphics card kuti ijambule. Magemu ambiri amakonda ma core ochepa koma achangu kuposa ma core ambirimbiri aulesi. Zinthu zimasintha mukayamba kuphatikiza ntchito: gemu ili mkati, OBS ikujambula kuti muike pa TikTok, Chrome ili ndi matabu 20, nyimbo ikulira kumbuyo. Apa ma core 4 amayamba kupuma movutikira. Anzathu opanga mabiti pa FL Studio, okonza mavidiyo a maukwati, ndi opanga maposta pa Photoshop akudziwa zimene ndikunena. Ma core 6 ndi ma thread 12 ndi pamene ine ndimaona kuti mtengo ndi ntchito zimagwirana chanza. Kupitirira apo ndi bwino ngati ndalama ilipo, koma pa gemu kusiyana kwake n'kochepa poyerekeza ndi zimene mwalipira.

Komanso tinene chilungamo: kuchedwa kwambiri kumene timanamizira purosesa si mlandu wake. Kompyuta ya RAM ya 4GB ndi hard disk yakale yozungulira ija idzakwawa olo muikemo purosesa ya mtengo wa galimoto. Ikani SSD ndi RAM ya 16GB, muona ngati mwagula ina.

Mayina tsopano. Amene ine ndingagule ndi ndalama yanga ndi awiri: Ryzen 5 5600 ya AMD ndi Core i5-12400F ya Intel. Zonse zinatuluka mu 2022, zonse zili ndi ma core 6 ndi ma thread 12, zonse ndi za mawati 65, ndipo pa magemu zimathamanga mofanana moti simungasiyanitse ndi maso. Musalowe m'mikangano ya AMD ndi Intel, ili ngati ya Bullets ndi Wanderers, siidzatha. Funsani mtengo wa purosesa pamodzi ndi motherboard yake, yotchipa ndi imene yapambana. Ngati thumba lafinyika kwambiri, i3-12100F si yochititsa manyazi ayi. Pa gemu yokha imagwira ntchito modabwitsa, kungoti mukaisenzetsa zambiri nthawi imodzi mumamva kuti ma core ndi 4.

Kuti muone kuti izi n'zokwanira, EA Sports FC 24 inkafuna purosesa yosachepera i5-6600K kapena Ryzen 5 1600, RAM ya 8GB, ndi graphics card ya GTX 1050 Ti kapena RX 570. Mapurosesa ndatchulawa ali patsogolo kwambiri pa mzere umenewu. GTA V, imene inafika pa kompyuta mu 2015 ndipo sitinatope nayo mpaka lero, siingawatulutse thukuta.

Pali ina yotchedwa Ryzen 5 5500, yotsikirapo mtengo, imene imafanana dzina ndi 5600. Ma core ndi 6 omwewo, koma cache yake ndi 16MB pomwe 5600 ili ndi 32MB. Cache ndi kankhokwe kakang'ono ka mkati mwa purosesa momwe imasunga zimene ikugwiritsa ntchito pafupipafupi, ndipo magemu amakakonda kwabasi. Kusiyana kwa mtengo kukakhala kochepa, tengani 5600.

Apa pali chinthu chimene chaliritsa anthu ambiri, ndiye mvetserani. Chilembo F pa Intel chimatanthauza kuti purosesayo ilibe mbali yojambula zithunzi. Mukagula i5-12400F popanda graphics card, mukayatsa kompyuta mafani azungulira, magetsi ayaka, koma sikirini ikhala bii. Pa ma Ryzen a 5000 kutsika m'munsi zinthu n'zotembenuka: amene ali ndi chilembo G ndi amene amajambula okha, opanda G amafuna graphics card. Ndiye 5600 ndi 5500 nazonso pazokha sizionetsa kanthu.

Izi zikutifikitsa pa Ryzen 5 5600G, yomwe ndimaiona ngati purosesa ya munthu wa ku Malawi weniweni, womanga nyumba chipinda chimodzi chimodzi. Ili ndi ma core 6, ndipo mkati mwake muli Radeon graphics yokwanira kusewera GTA V, Valorant, eFootball ndi Fortnite mutatsitsa makonzedwe a zithunzi. Simudzaona udzu wa pabwalo ukugwedezeka ndi mphepo, koma mudzasewera. Chaka chamawa mukapeza ndalama, mumagula graphics card n'kuilowetsa, osataya kanthu. Mtengo wa njira imeneyi ndi woti cache yake ndi 16MB ngati 5500, ndiye ikadzapeza graphics card yamphamvu idzatsalira pang'ono kumbuyo kwa 5600. Kwa ine zimenezo n'zopiririka, kusiyana ndi kukhala chaka chonse ukuyang'ana bokosi losayaka. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Mukasankha njira ya G, RAM muigule timitengo tiwiri, 8GB ndi 8GB, osati kamodzi ka 16GB. Purosesa yotere ilibe memory yakeyake ya zithunzi, imabwereka ku RAM, ndipo timitengo tiwiri timatsegula misewu iwiri m'malo mwa umodzi. Kusiyana kwake pa gemu kumaoneka ndi maso. Ogulitsa ambiri amaika kamodzi chifukwa n'kosavuta, inu muumirire.

Purosesa siigulidwa yokha ngati malaya. Imabwera ndi achibale: motherboard ya soketi yake ndi RAM ya mtundu wake. Ma Ryzen 5000 amakhala pa soketi ya AM4, imene ma Ryzen oyamba anaikhalira mu 2017, ndipo AMD inapitiriza kuitulutsira mapurosesa kwa zaka zambiri. Ubwino wake ndi woti ma motherboard a B450 ndi B550 ali mbwee, atsopano ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo amadya DDR4. Ngati muli kale ndi Ryzen 5 1600 kapena 2600 pa B450, simukufunika kompyuta yatsopano. Sinthani BIOS, chotsani yakaleyo, ikani 5600, mwamaliza. Koma BIOS musaisinthe mukudalira magetsi a pakhoma okha. Akathima ntchitoyo ili pakati, motherboard itha kusanduka thabwa. Bwerekani UPS kapena pitani kwa mnzanu wa inveta.

Ku Intel, m'badwo wa 12, 13 ndi 14 umakhala pa soketi ya LGA1700, ndipo ma motherboard ake, monga H610, B660 ndi B760, alipo a DDR4 ndi a DDR5. Onetsetsani kuti mwatenga wogwirizana ndi RAM yanu, chifukwa DDR4 siilowa m'malo a DDR5 olo mukankhe bwanji. Mu 2024 Intel inavomereza kuti mapurosesa ake ena a m'badwo wa 13 ndi 14, makamaka amphamvu kwambiri aja, ankawonongeka chifukwa cholandira magetsi opitirira muyezo, ndipo inawonjezera zaka ziwiri pa waranti. Waranti imeneyo ndi nkhani yabwino kwa munthu wa ku London. Kwa inu amene mwagula i7-13700K yakale kwa munthu amene nayenso anaigula kwa munthu, mukaibweza kuti? M'badwo wa 12 sunakhudzidwe ndi vutoli.

Ena adzakuuzani kuti AM4 ndi yakale, gulani AM5 ndi Ryzen 5 7600 kuti mukonzekere tsogolo. Sakunama, ndi yachangu ndipo ili ndi tsogolo lalitali. Koma AM5 imalandira DDR5 yokha, ndipo kumapeto kwa 2025 mitengo ya RAM inakwera koopsa padziko lonse pamene makampani a AI anayamba kugula memory ngati chimanga m'chaka cha njala. Onjezani kuti zonsezi zimagulidwa ndi madola, pomwe kwacha yathu inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tsogolo ndi labwino, koma ngati kulikonzekera kukutanthauza kuti ndalama ya graphics card yathera pa motherboard ndi RAM, ndiye kuti mwamanga mpanda wa njerwa kuzungulira nyumba yopanda denga.

Pakuti pa magemu graphics card ndiye iyenera kudya gawo lalikulu la bajeti. Ndinaonapo kompyuta ya i9 itaphatikizidwa ndi GT 710, mwini wake akudabwa kuti bwanji gemu ikudukaduka. Suti ya mtengo wapatali, kuphazi patapata. Ryzen 5 5600 ndi RX 6600 idzasiya kutali makina oterowo, pa ndalama yochepa.

Nanga amene ngakhale izi zawakulira? Njira ilipo, ndipo si yonyozeka. Makompyuta a muofesi ogwiritsidwapo kale ntchito, ngati Dell OptiPlex, HP ProDesk ndi Lenovo ThinkCentre, amapezeka ndi i5-8500, ya ma core 6, kapena i7-8700, ya ma core 6 ndi ma thread 12. Apa ndiye i7 ikutanthauza kanthu, chifukwa m'badwo ndi wa 8 ndipo Windows 11 imailandira. Muikemo SSD, RAM ifike 16GB, kenako graphics card yosafuna chingwe chapadera cha magetsi, monga GTX 1650 ya mtundu wotenga mphamvu pa motherboard pomwepo. Chenjezo ndi loti mabokosi ang'onoang'ono aja amalandira graphics card yaifupi yokha, yotchedwa low profile, ndipo power supply yawo ndi yofooka komanso ya mapulagi akeake, simungangoisintha ndi ina iliyonse. Ngati pali mwayi wosankha, tengani bokosi lalikulu. Ndipo purosesa ikathera ndi T, ngati i5-8500T, dziwani kuti ndi yochepetsedwa mphamvu kuti ikwane m'timabokosi tonga buku tija, momwe graphics card siilowa n'komwe.

Chimene sindilimbikitsa ndi ma Xeon akale amene amagulitsidwa pa AliExpress pamodzi ndi motherboard ya X99. Mukaona "ma core 14" pa mtengo wotsika chonchija mtima umadumpha. Koma awa ndi mapurosesa a ma server a zaka pafupifupi 10 zapitazo, core iliyonse ndi yaulesi, sali pa mndandanda wa Windows 11, ndipo ma motherboard ake ambiri ndi opanda dzina lodziwika. Tabwerera kwa ana aja ozungulira thumba la fetereza. Munthu wodziwa kusewera ndi BIOS atha kupindula nawo pa ntchito zina, koma ngati iyi ndi kompyuta yanu yoyamba, alekeni.

Pali nkhani ina imene anyamata a pa YouTube a ku America sakamba, chifukwa kwawo siiwakhudza: magetsi ndi kutentha. Purosesa ya mawati 65 imayenda pa inveta yaing'ono kapena UPS kwa nthawi yooneka, pomwe i9-14900K yokha imatha kukoka mawati 253 ikakhala pa ntchito yolemetsa. Mayunitsi nawonso amaona kusiyana. Ndipo mu Okutobala, chipinda cha malata chikasanduka uvuni, purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsa liwiro kuti isapse. Gemu imayamba bwino, pakatha mphindi 20 n'kuyamba kudukaduka, inu n'kumati purosesa ndi yofooka, chikhalirecho ndi fumbi latseka fani ndipo thermal paste inauma kalekale. Kompyuta ya kaunjika iliyonse muitsegule, muipukute, muike paste watsopano. Pa power supply pokha musaumire. Yopanda dzina ikapsa siifa yokha, imatenga anzake.

Tsiku logula, sitika ya pabokosi musaiyang'ane n'komwe, masitika amamatidwa ndi aliyense. Yatsani makinawo, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, pitani pa Performance kenako CPU. Pamenepo pali dzina lonse la purosesa, chiwerengero cha ma core ndi ma thread. Lembani dzinalo pa foni yanu, mufufuze chaka chimene inatuluka, bandulo ya MB zochepa ikwana. Ngati mukukayika, pulogalamu yaulere ya CPU-Z imaonetsa zonse, kuphatikizapo ngati RAM ikuyenda pa misewu iwiri ija. Pemphani kuti muyatse gemu kapena vidiyo yolemera kwa mphindi 15, mumve ngati fani ikulira ngati chigayo.

Mukamagula purosesa payokha yogwiritsidwapo kale ntchito, itembenuzeni. Ma Ryzen a AM4 ali ndi timapini tambirimbiri kunsi kwake, ndipo kamodzi kokha kakapindika kapena kuthyoka, kompyuta itha kukana kuyaka kapena kuona RAM mbali imodzi yokha. Pa Intel ndi pa AM5 timapiniti tili mu soketi ya motherboard, ndiye kumeneko ndi kofunika kuyang'anitsitsa. Yatsani tochi ya foni, muunike chopendekera, mizere yonse iwale mofanana. Pamene pakuoneka kamdima kapena kakunyezimira kosiyana ndi anzake, pali pini yopindika.